Kulawirira dzuwa ndi kamera ya ngongole

Kamera imene ndikunenayi sindinagule. Mlamu wanga anandibwereka ndalama ya basi popita ku Joni, ndipo patatha zaka zinayi anabwera ndi wailesi ya mkazi wake, njinga ya bambo ake, ndi chikwama chakuda chimene anachikhazika pamiyendo panga.

"Alamu, ngongole ija ndi imeneyi. Azungu a ku Johannesburg amailemekeza kwambiri."

Ndinafunsa ngati ingagulitsike. Iye anati ikanakhala yogulitsika sakanavutika kuinyamula.

M'chikwamamo munalinso chokhazikapo kamera cha miyendo itatu. Malangizo anali apakamwa, amene mlamuyo anawatola kwa bwana wake: malo amajambulidwa dzuwa likungotuluka kumene. Nthawi imeneyo kuwala kumabwera chopendekera, kofiirira ngati uchi, mithunzi imatalika, ndipo phiri lililonse limaonetsa makwinya ake. Dzuwa likafika paliwombo dziko limangoti mbuu, palibenso chojambula. Ndinamvera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzuka nthanda isanatuluke, kuzungulira misewu ya Balaka ndi Machinga, kusaka chinthu chimene anthu ena onse amachipeza ulele pakhomo pawo.

*

Oyamba kudabwa anali mayi a kunyumba.

"Abambo, munthu wotuluka 3 koloko ya usiku atakolekera chikwama amakhala mfiti, wakuba, kapena amene ali ndi pena pogogoda. Sankhanipo."

"Ndikupita kukajambula dzuwa."

"Dzuwalo ndi mwana wa kwa yani?"

Nditabwerako analanda kamera n'kuyamba kuona chimodzichimodzi. Mlambe. Mlambe. Mlambe womwewo cha m'mbali. Phiri. Mlambe uja. Anakhala duu kwa nthawi, kenako anapukusa mutu.

"Ndiye kuti amabisala kuseri kwa mtengowu."

Apongozi anga aakazi salankhula nane maso ndi maso, mwambo sulola. Iwo amauza nkhuku, ine ndili pafupi. Tsiku limenelo akumwaza madeya ndinamva akuti, "Nkhuku inu, munaonapo mkamwini wolawira chonchi munda uli thengo? Anzake amalawira ndi khasu. Wathuyu amalawira ndi mafuwa."

Mafuwawo ndi miyendo itatu ija. Dzinalo linakanirira mpaka lero.

*

Ku Balaka kabaza sagona. Ndinapeza mmodzi atatsamira njinga pafupi ndi msika, mdima uli bii.

"Tikupita kuti, madala?"

"Kumene dzuwa limatulukira bwino."

Sanaseke. Munthu wa bizinesi saseka kasitomala asanalipire. Anakanda chibwano n'kunena kuti, "La pafupi lilipo, koma ndi lotumbuluka. Labwino lili cha ku Chiyendausiku. Mtengo wake ndi wina."

Dzina la malowo linandiyenera, ndinakwera. Tili m'njira yopita ku Liwonde, iye akupalasa ine ndikukumbatira mafuwa, anayamba kundiphunzitsa ntchito yanga.

"Madala, pachithunzi, dzuwa lotuluka ndi lolowa zimasiyana pati?"

Yankho lilipo ndithu. M'mawa fumbi limakhala litagona, mphepo isanadzuke, madzi ali bata, nkhungu ikufuka pamtsinje. Madzulo mpweya umakhala utadzaza fumbi la tsiku lonse ndi utsi wa m'makhitchini. Ndinamufotokozera zonsezi.

"Koma ogula akudziwa zimenezo? Bwanji osajambula madzulo, n'kumauza anthu kuti ndi m'mawa? Inu mugona, ine ndigona."

Ndisanayankhe anawonjeza kuti, ndiponso, dzuwa lotuluka boma linajambula kale, lili pa mbendera. Apa sindikanamutsutsa. Chiyambire 1964 mbendera yathu ili ndi dzuwa lofiira likusuzumira, la malawi 31. Mu 2010 analichotsa n'kuikapo loyera lathunthu pakatikati, ndipo mu 2012 aphungu anabwezeretsa lakale lija. Nditamukumbutsa zimenezi, mnyamatayo anaima kupalasa kuti aganize bwino.

"Ndiye kuti bwana wa alamu anuwo sananame. Ngakhale boma linayesa la masana, linaona kuti silikongola."

*

Ndinkaganiza kuti pa ola limenelo msewu ukhala wanga ndekha, ine ndi akadzidzi. Bodza. Pamene ndimafika pa Mangochi Turn-off ndinali nditadutsana kale ndi amayi a zidebe pamutu, anyamata okankha njinga za nkhuni, mayi wokazinga mandasi amene anali pa mphika wachitatu, ndi abambo a mikanjo yoyera akupita kukaswali, mwazini atawaitana ine ndisanapeze nsapato yachiwiri. Kuno kulibe munthu amene dzuwa limamupeza pamphasa, kupatula wodwala ndi woledzera. Onsewa amaliona likutuluka tsiku lililonse, ndipo palibe amaimika mwendo. Ndine ndekha ndimaima n'kuliyang'ana ngati landibwereka ndalama.

Gogo wina wa chidebe anandiimira pambali kwa nthawi, kuyang'ana kumene ndikuyang'ana.

"Ajimwiche uli, baba? Mwataya chiyani kumeneko?"

"Ndikudikira dzuwa, agogo."

"Musadandaule. Libwera. Dzulonso linabwera."

*

Tsiku lina ndinaima m'munsi mwa mapiri a Chikala, ndikufuna mzere wa mitengo pamwamba pa phiri kumwamba kukufiira. Kuchokera m'kanjira kotsika kunatulukira njinga zisanu, iliyonse itasenza matumba a makala otalika kuposa mwini wake. Wotsogola ataona munthu wa jekete yobiriwira ataima pakati pa njira, chinthu chakuda chitaloza kwa iwo, anakuwa liwu limodzi lokha. Njinga zonse pansi, eni ake m'tchire.

Ndinatsala ndi matumba khumi a makala amene sindinawaitanitse. Ndinakuwa kuti sindine wa zankhalango, ndine wojambula. M'tchiremo munatuluka mawu: "Ndiye n'zoipa kuposa! Wa zankhalango timakambirana naye."

Atatuluka, mmodzi anasuzumira pa kamera n'kundifunsa chimene ndikujambula. Ndinati mitengo ya paphiripo.

"Fulumirani, achimwene. Iyo yakumanzereyo tikubwera nayo Lachinayi."

Tinaseka tonse, ine pang'ono chabe. Chithunzi cha tsiku limenelo ndili nacho, ndipo ndikachiyerekeza ndi phirilo lero, chikuoneka ngati cha munthu asanamete.

*

Mafuwa anga ali ndi vuto limodzi: amafanana ndi a anthu oyeza msewu. Ndinawakhazika m'mbali mwa Bakili Muluzi Highway cha ku Nsanama, ndikufuna msewu ukukhota kulowera kumene kukucha. Ndinaweramira pa kamera, diso limodzi nditatsinzina. Nditadzuka, kumbuyo kwanga kunali bambo atavula chipewa.

"Bwana, mango awo ndi anga. Onse atatu. Mulembe."

"Sindikulemba kanthu, bambo."

"Ndi nthochi izo. Ndi chimbudzi."

Ndinayang'ana. Chimbudzi panalibe.

"Ndimati ndikumbe mawa."

Mbiri ya chipukutamisozi imathamanga kuposa minibasi. Dzuwa lisanatuluke panali mzere wa anthu pafupifupi makumi awiri, ziphaso za unzika zili m'manja. Ena anamva kuti msewu ukukulitsidwa, ena kuti ndi kalembera wa feteleza, ena za Mtukula Pakhomo. Mayi wina anabwera ndi ana amapasa kuti ndiwaone ndekha. Ndinakwera pachulu n'kulengeza kuti ndine munthu wamba, ndabwera kudzajambula dzuwa basi.

Kunali zii. Kenako nkhalamba ina ya ndodo inalankhulira onse: "Ngati si feteleza, mwatidzutsiranji?"

"Sindinadzutse munthu, agogo."

"Ndiye mwatiimikiranji pamzere?"

Pomwe ndimamaliza kupepesa, dzuwa linali litakwera kale, loyera ngati la mbendera ya 2010.

Apa pali chinthu chimene bwana wa ku Joni uja sanauze mlamu wanga. Kuno kwathu dzuwa silizengereza. Limatuluka chowongoka ngati munthu wochedwa kuntchito, ndipo kufiira kuja kumatha usanamalize kupereka moni kwa anthu atatu. Kumaiko ozizira akutali limatuluka chokwawa, wojambula amatha kumwa tiyi kaye. Kuno ukayankha funso limodzi lokha, wagwa nayo, bwera mawa. Ndipo mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, ngati kuti wina walithamangitsa.

*

Chiyambire 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma ena a kum'mwera kuno, sindilowa m'mudzi mumdima ndi chikwama chakuda ndisanaonekere kwa amfumu dzulo lake. Izi si nthabwala ayi. Nthabwala inabwera pambuyo pake.

Amfumu ena cha ku Ntaja anandimvetsera mpaka kumapeto, nduna zili m'mbali.

"Dzuwa si langa," anatero. "Koma popeza limadutsa m'mudzi mwanga, ndiyenera kukhalapo."

M'bandakucha ndinawapeza atavala jekete, chipewa ndi nsapato, mpando atawanyamulira. Anaukhazika pakati penipeni pa ine ndi kum'mawa. Ndinayesa kufotokoza kuti munthu akafulatira dzuwa, nkhope imada pachithunzi, ndi bwino atembenuke kuti kuwala kuwamenye kumaso. Nduna inandidula. Mfumu siyang'anizana ndi dzuwa ngati mwana wolangidwa kusukulu.

Ndinadina. Kumwamba kunatuluka kokongola koopsa, kofiira ndi kachikasu. Pakati pake panali chithunzithunzi chakuda bii chovala chipewa.

Amfumu anachiyang'ana, n'kupatsira nduna, nduna n'kupatsira inzake.

"Mwanawe, amene anakupatsa makinawa amakufunira zabwino?"

*

Pa baraji ya ku Liwonde ndi pamene wojambula aliyense amayambira, chifukwa mtsinje wa Shire umafika pamenepo wotambalala, mu Juni nkhungu ikufuka pamadzi ngati phala lotentha. Kamuzu Barrage inamangidwa mu 1965, ili ndi zitseko 14, ndipo ntchito yake ndi kulamulira kuchuluka kwa madzi opita kumunsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene amapanga magetsi. Choncho batire ya kamera yanga ndi madzi amene ndikujambulawo ndi pachibale.

Kukakhala kamdima, kamera imafuna kutsegula diso nthawi yaitaliko, ndipo siyenera kugwedezeka ngakhale pang'ono. Ndiye ntchito ya mafuwa. Koma mafuwa akaima pamlatho amamvera mlathowo, ndipo mlatho umamvera thiraki. Ndikati ndidine, thiraki ya ku Zomba. Ndikati ndidine, ya ku Balaka. Zithunzi zonse zinatuluka zonjenjemera ngati mtsinje wagwidwa malungo.

Mvuu nazo zili ndi mwano. Ina inangotulutsa makutu ndi mphuno kwa theka la ola, ine nditalozetsa kamera, udzudzu ukudya mfisulo m'akakolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinadziuza. Batire inatha. Ndikuweramira m'chikwama kufuna ina, ndinamva anthu onse pamlatho akuti "Eee!" Mvuu ija inali itayasamula kukamwa konse, mano onse pamtunda, dzuwa lili kumbuyo kwake.

Mnyamata wogulitsa nsomba anandionetsa foni yake yosweka galasi.

"Ndaitola, bigi. Ndikutumizireni pa WhatsApp? Mungondigulira bandulo."

Ndinamugulira.

*

Kamera ya mlamu wanga imakoka zinthu zakutali kuzibweretsa pamphuno. Ili ndi dalitso, komanso ndi mlandu. M'mphepete mwa Shire cha ku Utale ndinaona kanthu koyera kakugwedezeka m'bango. Ndinati kakowa ameneyo. Ndinakoka, ndinakokanso. Sanali kakowa. Chinali chipewa choyera, ndipo pansi pa chipewacho panali bambo atanyonyomala, akuchita zimene munthu amachita m'bango m'mamawa. Tinayang'anana kudzera m'galasi. Iye anakweza dzanja limodzi, kaya ndi moni kaya ndi temberero.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikamayandikira madzi ndimayamba ndakuwa "Odi kumadziko!" katatu. Mbalame zonse zimathawa, koma ine ndimabwerako ndi mano onse.

*

Nyanja ya Chilwa ndinaikonzekera mwezi wathunthu. Anthu anandiuza kuti ukaima pa doko la Mposa m'bandakucha, dzuwa limatuluka kutsidya kwa Mozambique n'kudzigwetsa lonse m'madzi, mabwato akuda akudutsa pakati pake, chilumba cha Chisi chili kum'mwera ngati ng'ombe yogona. Chinali chaka cha 2018, chakumapeto. Ndinagona kwa mnzanga, ndinadzuka 3 koloko, ndinayenda ndi tochi mpaka padoko. Mabwato ndinawapeza, atagona chammbali. Ndinakhazika mafuwa n'kudikira.

Kutayamba kuyera, ndinaona kuti chinthu chimodzi chikusowa.

"Achimwene, nyanja ili kuti?"

Msodzi amene amasoka ukonde pabwato lake sanadzutse n'komwe mutu. "Yatuluka."

"Ibwera nthawi yanji?"

"Simunapangane nayo?"

Kutsogolo kwanga kunali dothi long'ambika ming'alu mpaka kumene maso amalekeza. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo wotenga ndi dzuwa lokha. Ndi yosaya, moti malo ambiri bwato amachita kulikankha ndi mtengo wautali wofika pansi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 muja inali itathawira kutali. Mu 1996 inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, koma zikuoneka kuti mwini wakeyo sanawerenge.

Msodzi uja anandifotokozera kuti ikaphwa chonchi, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'mathawale ndi m'mitsinje, asodzi amene amagona m'zimbowera pakati pa njedza amabwerera kumtunda kukakumbutsa akazi awo nkhope zawo, ndipo ku Chisi anthu amapita wapansi kapena panjinga.

"Ndiye chimenecho n'chilumba?" ndinafunsa.

"Chili pa holide."

Dzuwa linatuluka ndithu, lofiira ngati phwetekere chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Ndinalozetsa kamera. Msodziyo anaimika singano.

"Mukujambula ameneyo? Ndi amene wamwa nyanjayo. Mukatsuka mukapereke kupolisi."

*

Zikandikanika chonchi ndimadzitonthoza ndi mbiri. David Livingstone anafika pa Chilwa pa 18 Epulo 1859 ali ndi John Kirk, n'kulemba dzina lake kuti Shirwa. Pa ulendo wonse wa Zambezi umenewo, amene anapatsidwa ntchito yojambula zithunzi anali mng'ono wake wa David, Charles Livingstone. Ananyamula makina ndi mankhwala kuchokera ku Britain, koma zithunzi zake zochuluka sizinaoneke bwino. Zimene anthu amazikumbukira lero ndi za Kirk, dokotala, amene kujambula sinali n'komwe ntchito imene anamulembera. Choncho mwambo woti mwini kamera abwerere chimanjamanja, wogulitsa nsomba n'kutola mvuu, sunayambe ndi ine. Komanso taonani, nayenso Charles ntchito anaipeza kudzera pachibale.

*

Pa Ulongwe mayi wina wachikulire anandigwira mkono ndisanatsike n'komwe pa kabaza.

"Mwabwera nacho?"

"Chiyani, mayi?"

"Chithunzi changa. Ndinavala chilundu chatsopano, ndinaima pafupi ndi maluwa, ndinapereka dipoziti."

Achinyamata a mafoni sangamvetse. Kale wojambula ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kamera ili pakhosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo sankapita kukatsuka ku tauni isanadzaze. Unkalipira theka, n'kudikira mwezi, mwina iwiri. Akabwera, mwina unkapezeka wopanda mutu, mwina unkalandira chithunzi cha munthu wa mudzi wina. Akadya ndalama, panali mawu amodzi otseka mlandu: "Zinapsa."

Ndinawafunsa mayiwo kuti zinachitika liti. Anati mwana wawo woyamba ali kumsana. Mwanayo anali ataima pomwepo, imvi zili mbuu.

"Mayi, si ine. Nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale."

"Kamera ndi yomweyo. Yakuda."

Ndinaona kuti mlandu uwu sindiwina. Ndinawajambula pomwepo, dzuwa likuwamenya bwino kumaso, ndipo sabata yotsatira ndinawabweretsera chotsuka. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwachedwa nacho mpaka ndakalambiramo."

*

Njanji yochokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, kulumikiza dziko lino ndi doko la Nacala. Chakumapeto kwake imayenda pa mtunda wa mchenga umene umalekanitsa Chilwa ndi Chiuta, dambo uku, dambo uko. Kwa wojambula, malo amenewo ndi nsima ya nyama: dziko lafulati, thambo lalikulu, migwalangwa apo ndi apo. Ndinasankha malo dzulo lake, ndinaika mwala. M'mawa zonse zinali m'malo mwake. Panalibe amfumu, panalibe mzere, panalibe chipewa m'bango. Kum'mawa kunayamba kupsa. Ndinaika chala pa batani.

Kenako pansi panayamba kunjenjemera.

Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimakoka mabogi oposa 100. Mutu unadutsa dzuwa likusuzumira. Kamnyamata kobusa mbuzi kanaima pambali panga n'kuyamba kuwerenga mokweza, m'Chingerezi cha Sitandade 3. Pa bogi ya 20 dzuwa linali theka, ndimaliona m'mipata ngati munthu wosuzumira pampanda. Pa 60 linali lathunthu. Pa 90 linali litasiya kufiira. Mchira utadutsa, kunali kutacha, mbuzi zikudya.

"Mwaijambula yonse?" kanafunsa.

"Sindimafuna sitima. Ndimafuna dzuwa."

Kanandiyang'ana ndi chisoni chenicheni. "Dzuwa mulibe kwanuko?"

*

Ku Liwonde National Park ndinalowako kamodzi m'mamawa, paboti, nditasunga ndalama miyezi itatu. Anzanga a m'botimo anali azungu anayi, aliyense ali ndi kamera yotalika ngati musi. Akadina zimangomveka tatatata ngati makina osokera. Yanga imati "kha", n'kupuma kaye.

Malowa ndi okongola, osanama. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo chiyambire 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Mikango inabwezedwamo mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsa: mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinapita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Njovu zonsezo pa galimoto. Ine mwini dziko ndinafika pachipata pa kabaza.

M'mawa umenewo njovu zinatsikira kumadzi, nkhwazi ili pamwamba pa mtengo wouma, mitengo ya mivumo itaima ngati asilikali kumbuyo. Ndinakweza kamera. Sindinaone kanthu, utsi wokhawokha. Galasi linali litachita mame. Ndinalipukuta ndi malaya, linachitanso. Mzungu wina wachifundo anandibwereka kansalu kofewa, ndipo pomwe ndimamaliza kuthokoza, njovu zonse zinali zitatembenuka. Ndili ndi zithunzi 14 za matako a njovu, zowala bwino kwambiri.

Pobwerera ndinadandaulira bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi paki. Anandifunsa ndalama zimene ndinalipira. Nditamuuza, anakhala pansi.

"Kuti muone njovu? Mukanabwera zaka zija mpanda wa magetsi usanakhwime. Zinkabwera zokha m'munda mwanga, nkhope kutsogolo. Ndikanakupatsani ndi chitini choti muziimba."

*

Pa zaka zonsezi chilipo chimodzi chimene chinatheka. Ndinachitola pa Shire kumtunda kwa Liwonde, m'mwezi wa Julayi: madzi ali phee, nkhungu yopyapyala, phiri la Chinguni lili buluu kumbuyo, mlambe umodzi, dzuwa likungoyamba kupsa. Mulibe munthu, mulibe mbuzi, mulibe waya wa magetsi. Ndinakachitsukitsa chachikulu, ndinagula felemu, ndinachikhoma pabalaza pamwamba pa wailesi. Ndinaitana banja lonse.

Mlamu wanga anati kamera yake ndi yabwino. Ana anafunsa ngati ili ndi kalendala, ndipo masiku ali kuti. Mayi a kunyumba anapita kukayang'anitsitsa kuseri kwa mlambe.

Apongozi analowa pomaliza. Anaima patali, manja kumbuyo, anachiyang'ana kuyambira kumanzere mpaka kumanja. M'nyumba munalibe nkhuku, choncho anauza mphaka.

"Pusi iwe, tafunsa. Anthu a m'mudzi umenewu anapita kuti onse? Kunali maliro?"

Ndinayankha kudzera mwa mphaka yemweyo kuti chithunzi cha malo chimakhala chopanda anthu, ndi mmene chimakomera.

"Ndiye amene adzachione adzadziwa bwanji kuti mkamwini anafikako?"

Mawa lake ndinadzuka 3 koloko monga mwa masiku onse. Chikwama ndinachipeza, kamera ndinaipeza, mafuwa panalibe. Ndinafufuza kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, m'nkhokwe. Ndinawapeza kutacha, kuseri kwa khitchini, atatambasulidwa bwinobwino miyendo yonse itatu, pamwamba pake pali lichero la thelele, apongozi akulitembenuzira kum'mawa.

"Nkhuku inu," anatero, "lero dzuwa ligwire ntchito."